Musanagule makina osakira ndalama zakale ku England

Mbale wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Lichfield wandilembera kalata. Akuti akakhala pa ofu amaona madoda akuyendayenda m'minda, makina olira akamva chitsulo pansi pa nthaka ali m'manja, mahedifoni m'makutu, ndipo wamva kuti ena analemera nazo. Funso lake n'lakuti: "Ndikagula makinawo, ndingakasake pa mabwinja a nyumba zachifumu kapena pa matchalitchi akale? Nanga zimene ndapeza zikhala zanga?"

Achimwene, kumene mwalozako ndi kumene simuyenera kupondako. Mabwinja ambiri otchuka ali m'kaundula wa malo otetezedwa, ndipo lamulo la 1979 limaletsa kuyatsa makina otere pamalopo popanda chilolezo cholembedwa, chimene ku England chimachokera ku Historic England, bungwe la boma losamalira malo akale. Ngakhale musakumbe, kungosaka kokhako ndi mlandu. Alipo amene amalowamo usiku ndi tochi, ndipo anzawo omwe amawatcha akuba. Inu amene muli kumeneko pa visa yantchito, mlandu wotere simungaufune.

Chodabwitsa n'chakuti chuma chachikulu chimene mwamvacho sichinatuluke m'mabwinja. Chinatuluka m'minda wamba. Pafupi ndi kwanu komweko, ku Hammerwich, m'chaka cha 2009 Terry Herbert anapeza golide woposa makilogalamu 5 m'munda wa mlimi Fred Johnson. Zambiri zinali zokongoletsera malupanga za m'zaka za m'ma 600. Anaziika pa mtengo wa mapaundi 3.285 miliyoni, awiriwo n'kugawana pakati. Nkhani imene imandiseketsa ndi ya ku Hoxne, ku Suffolk, mu 1992. Mlimi anataya hamala m'munda, n'kupempha mnzake Eric Lawes kuti amufunire. Lawes anakumana ndi ndalama za Aroma pafupifupi 15,000, masipuni asiliva ndi zibangili zagolide. Hamala ija inapezekanso, ndipo nayo ili ku British Museum.

Choncho chinthu choyamba kusaka ndi mwini munda. Kulibe malo opanda mwini kumeneko, ngakhale paki ya mutauni kapena m'mbali mwa njira. Mukapemphe, ndipo mulemberane pa pepala momwe mudzagawanire, makinawo asanalire n'komwe. Pakamwa pokha sipokwanira ndalama zikaoneka.

Pa funso lachiwiri, lamulo ndi Treasure Act ya 1996, imene imagwira ku England, Wales ndi Northern Ireland. Chinthu chosakhala ndalama choposa zaka 300 chimene chili ndi golide kapena siliva wosachepera magawo 10 pa 100 aliwonse si chanu ayi, ndipo si cha mlimi. Ndalama zagolide kapena zasiliva zikapezeka ziwiri kapena kuposerapo pamalo amodzi zimalowa m'gulu lomweli, zamkuwa zikafika 10. Muli ndi masiku 14 oti mukanene kwa coroner wa deralo (mkulu wa zamalamulo amene amagamula ngati chopezekacho chikugwera pansi pa lamuloli), ngakhale ambiri amadzera kwa Finds Liaison Officer, katswiri wa zakale wogwira ntchito pansi pa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko yolemba m'kaundula zakale zimene anthu apeza. Myuziyamu ikazifuna, komiti imaika mtengo ndipo inu ndi mwini munda mumalandira mphoto. Ikapanda kuzifuna, zimabwerera kwa inu. Ku Scotland n'kokhwima kwambiri: chakale chilichonse chiyenera kunenedwa, kaya ndi chagolide kaya ndi chachitsulo.

Mwina mukuti, ndikangoika m'thumba adziwa ndani? George Powell ndi Layton Davies anaganiza choncho mu 2015 atapeza ndalama ndi zodzikongoletsera za nthawi ya ma Viking (ankhondo akale ochokera kumpoto kwa Ulaya) pafupi ndi Leominster. Anayamba kugulitsa mobisa, ndipo mu 2019 khoti linawatumiza kundende. Akanakanena, bwenzi ali ndi mphoto yawo. Ndalama zambiri mwa izo sizinaonekenso, pamene zina zinali ndi zithunzi za mafumu awiri, Alfred ndi Ceolwulf II, atakhala limodzi, umboni wa mgwirizano umene zolembedwa zakale sizinaufotokoze bwino.

Ine amene ndimamugomera ndi Dave Crisp. Mu 2010, pafupi ndi Frome, anakumba pang'ono n'kuona kukamwa kwa mtsuko wodzaza ndalama. Anakwiriranso, n'kuimbira foni akatswiri. Tangoganizani mtima wake usiku umenewo! Akatswiriwo anachotsa ndalamazo pang'onopang'ono kuyambira pamwamba mpaka pansi, zonse 52,503, ndipo chifukwa palibe anazisokoneza, anatha kuona momwe anaziikira mumtsukomo. Dothi lozungulira chinthu limanena zambiri, ndipo fosholo yaphuma imazifafaniza m'mphindi imodzi.

Musayembekezere golide. Masiku ambiri mudzabwerera ndi misomali, mabatani, zotsekera mabotolo ndi msana wopweteka. Koma ngati kugwira kandalama kamene wina anagwetsa zaka 1,700 zapitazo kukukusangalatsani, lowani kalabu ya osaka ya m'dera lanu. Makalabu amakhala kale ndi minda imene analoledwa, ndipo mudzayesa makina a anzanu musanataye ndalama pa anu. Mutenge kathumba koikamo zinyalala zachitsulo, ndipo dzenje lililonse muzilikwirira bwino, chifukwa ng'ombe ya mlimi ikathyokeramo mwendo, munda umenewo simudzaulowanso.