Kwa mayi amene mwana wawo wasankhidwa kukaphunzira za ndale ku Zomba

Mayi, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi mayankho amene abwera kale. Mwati mwana wanu wamkazi wasankhidwa ku University of Malawi kukachita Political Science pomwe mtima wake unali pa zamalamulo, ndipo bambo ake akuti ndi bwino akhale kaye, chaka chamawa adzayesere unamwino, poti zandale sizidyetsa munthu. Mukufunsa ngati maphunziro amenewa ali ndi tsogolo. Ine ndikuti mwanayo apite. Koma amene akuyankhani kuti "digiri ndi digiri basi" akukutonthozani chabe, ndipo bambo akewo ali ndi mfundo yomwe sitiyenera kuikankhira kumbali.

Mfundo yawo ndi iyi. Wophunzira unamwino amadziwa kuyambira tsiku loyamba dzina la ntchito imene akukonzekera. Wa Political Science, History, Philosophy kapena zilankhulo amatuluka ndi pepala lomwe silitchula ntchito iliyonse. Palibe ofesi yomwe imalengeza kuti ikufuna "wodziwa zandale". Ndiye mwana akangopita kukakhala m'kalasi, kuloweza manotsi, kukhoza mayeso n'kubwerako, adzakhaladi pakhomo ndi gauni lake pachithunzi. Ndawaona otere, ndipo ena anali anzeru kuposa ine. Maphunziro amenewa amapindulira amene wawasandutsa luso looneka ndi maso, ndipo ntchito yosandutsayo ndi ya mwanayo, si ya aphunzitsi.

Choyamba bambowo amve kuti kumeneko si kosulira anthu a kampeni. Sakamuphunzitsa kuvala nsalu ya chipani kapena kuimba pamsonkhano. Akaphunzira momwe boma linamangidwira: mphamvu za pulezidenti zimalekera pati, Nyumba ya Malamulo imaletsa chiyani, makhoti amalowererapo liti. Akatsata ndalama ya msonkho kuchokera pomwe nduna ya zachuma yawerenga bajeti mpaka pomwe yakafika, kapena yalephera kufika, pachipatala chaching'ono cha kwanu. Akaphunzira kuchita kafukufuku, kufunsa anthu mafunso osawatsogolera poyankha, kuwerenga manambala. Akawerenganso maganizo a anthu akale pa funso loti n'chifukwa chiyani munthu ayenera kumvera wolamulira, ndipo amaleka liti kumumvera.

Mantha amene makolo athu ali nawo pa maphunziro otere sanangochokera kumwamba. Yunivesite inatsegulidwa mu 1965, ndipo nthawi imeneyo zoyendetsa boma zinkaphunzitsidwa ku Institute of Public Administration ku Mpemba, mpaka mu 1973 pomwe sukuluyo inaphatikizidwa ndi Chancellor College posamukira ku Zomba. Boma la chipani chimodzi linkafuna anthu odziwa kuyendetsa ofesi, osati ofunsa kuti ofesiyo ikutumikira ndani. Kamuzu ankakonda Chilatini ndi Chigiriki, n'chifukwa chake anamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, koma kukambirana poyera za ulamuliro wake kunali kuputa ndende. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, anatengedwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Amene anakula nthawi imeneyo akamva kuti mwana akukaphunzira zandale, chimene chimabwera m'mutu mwawo ndi galimoto ya apolisi pakhomo. Musawaseke bambowo.

Koma onaninso mbali inayo. Mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija yodzudzula ulamuliro wa Kamuzu, ophunzira a ku Zomba anali m'gulu la oyamba kuguba poyera kuivomereza, sukulu mpaka kutsekedwa. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, kunali riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 tinavota zipani zambiri. Ngakhale demokalase itabwera, nkhaniyi sinathe. Mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Dr Blessings Chinsinga chifukwa cha chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chofanizira kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi ananyanyala kulowa m'kalasi, anayi anachotsedwa ntchito, kuphatikizapo Jessie Kabwila ndi Garton Kamchedzera, ndipo zinatenga miyezi pafupifupi 8 kuti abwezeretsedwe. Phunziro lomwe boma limachita kutumiza munthu kukamvetsera m'kalasi silingakhale lopanda pake. Chinsinga yemweyo pambuyo pake anadzakhala nduna ya maboma ang'onoang'ono, bambowo akafuna chitsanzo cha amene zinamudyetsa.

Ine pomwe ndimaona kufunika kwa ana otere si ku Capital Hill kwenikweni ayi, ndi kumakhonsolo. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka 9 zimenezo zinasiya chisokonezo chomwe chikadalipo. Pitani pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) kapena ya m'mudzi (VDC) mukamve. Anthu ambiri sasiyanitsa ntchito ya phungu ndi ya khansala, moti phungu amamuyesa wogula mabokosi a maliro, ndipo naye amavomera chifukwa mavoti ali pomwepo. Ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zimakanganitsa aphungu, makhansala ndi akuluakulu a kwa DC chaka ndi chaka. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, koma ndi angati kumudzi amene analembapo kalata yofunsa kuti mlatho uja unadya ndalama zingati? Pamafunika munthu woti atenge chikalata cha masamba ambirimbiri cha Chingerezi, achimvetse, n'kuima pamaso pa agulupu ndi amayi a m'komiti kuchifotokoza m'Chichewa chomveka, popanda kunamiza kapena kuopseza. Anthu otere ndi ochepa kuposa momwe mungaganizire.

Za ntchito ndinene mosabisa. Omaliza maphunziro amenewa amalowa m'boma ngati oyendetsa maofesi, m'makhonsolo, ku Nyumba ya Malamulo, ku Malawi Electoral Commission, ku NICE (bungwe lophunzitsa anthu za ufulu ndi udindo wawo), ku Anti-Corruption Bureau, ku ofesi ya Ombudsman, m'nyumba zoulutsa mawu, m'mabungwe omwe si aboma ndi m'makampani a kafukufuku. Ena amawonjezera satifiketi ya uphunzitsi n'kukaphunzitsa History kapena Social Studies kusekondale. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, ndipo kumabungwe kwathina kwambiri chiyambire pomwe America inadula thandizo lake mu 2025. Komatu bambowo adziwenso kuti anamwino nawo akhala akudikira zaka kuti boma liwalembe. Palibe khomo lomwe lili pululu masiku ano.

Ndiye chosiyanitsa n'chiyani? Kulemba. Ndibwereze, kulemba. Ndakhalapo nawo pagulu losankha anthu ofuna ntchito, ndipo chimene chimagwetsa ambiri si magiredi, koma kuwapatsa lipoti kuti alifupikitse pa tsamba limodzi. Ena amakopera ziganizo momwe zilili, ena amadzaza mawu akuluakulu opanda kanthu mkati. Mwana wanu akakamve kuwawa aphunzitsi akamubwezera nkhani yake itadzaza inki yofiira, koma akailembenso, osati kungoyang'ana malikisi n'kuiponya pansi pa bedi. Masiku ano kuli chiyeso chouza kompyuta kuti ikulembere zonse. Wochita zimenezo amakhala ngati wolemba waganyu kuti akamudyere nsima: mbale yatha, njala ikadali pomwepo.

Chachiwiri ndi manambala. Ana ambiri amathawira ku Humanities ndi Social Science pothawa masamu, kenako amazemba kosi ya Statistics ngati n'kotheka. Iye asazembe. Adziwe Excel bwinobwino ndi pulogalamu imodzi yosanthulira zotsatira za kafukufuku. Ku Zomba komweko kuli Centre for Social Research, kuli likulu la National Statistical Office, kulinso National Archives komwe kumasungidwa makalata a boma kuyambira nthawi ya atsamunda. Patchuthi asamangobwera kudzakhala, azifunafuna ganyu yoyenda m'midzi ndi mafunso a kafukufuku. Ndalama yake ndi yochepa, fumbi ndi lambiri, koma ndi momwe anthu amadziwirana ndipo ndi zomwe zimadzadzaza CV. Akapeza mpata wa Chifalansa kapena Chipwitikizi, autenge. Mozambique watizungulira mbali zitatu koma olankhula Chipwitikizi m'maofesi mwathu ndi owerengeka.

Pa zamalamulo zomwe ankafunazo, khomo silinatsekeke. Kwa zaka zambiri ku Zomba anthu akhala akulowa sukulu ya zamalamulo atachita kaye chaka choyamba m'maphunziro ena n'kukhoza bwino, ena atamaliza digiri yonse. Akangofika akafunse ku ofesi ya registrar zofunika za chaka chino, ndipo adziwe kuti magiredi a chaka choyamba ndi amene adzamulankhulire. Chaka chimenecho ndi chomwenso ambiri amatayirira ndi ufulu woyamba kuchoka pakhomo, ena mpaka kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso.

Wina pamwambapa wati bola mumulipirire digiri ya "Leadership" pa koleji ina ya m'tauni kuti azikhala pafupi. Pamenepo chenjerani. Sukulu zoyima pazokha zabwino zilipo, monga Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia, koma musanapereke tambala onani pamndandanda wa National Council for Higher Education ngati sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo n'zovomerezeka, chifukwa zimatheka sukulu kukhala yolembetsedwa pomwe kosi ina ilibe chilolezo. Ndipo kunena zoona, ine dzina lakuti utsogoleri pa satifiketi silinditenga mtima. Zambiri zimene zimagulitsidwa ndi dzina limeneli ndi mawu olimbikitsa basi. Mwana amene wasunga ndalama za kagulu ka ophunzira n'kupereka lipoti lopanda chobisika, kapena waluza mtsutso pamaso pa anzake mawa lake n'kubweranso atawerenga, waphunzira zambiri kuposa wa masemina a m'mahotela.

Zoti adikire chaka chamawa ndiye ndikukana ndithu. Malo a m'mayunivesite a boma amalimbiranidwa kwambiri, chaka chilichonse kumabwera ena a mapointi abwino, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti dzina lake lidzatulukanso, makamaka ku Kamuzu University of Health Sciences, kophunzirira unamwino, komwe mpikisano ndi woopsa. Mtsikana wongokhala pakhomo chaka chathunthu nayenso mukudziwa mayesero ake. Mphamvu zanu ziikeni pa kukonzekera: mafomu a ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board atumizidwe nthawi isanathe, ndipo za malo ogona muyambiretu kufufuza, poti zipinda za pasukulu sizikwanira ndipo ambiri amachita lendi ku Chikanda ndi madera ozungulira. Mukapiteko nokha mukaone nyumbayo, chitseko chake ndi mtunda woyenda usiku pochokera ku laibulale.

Asananyamuke, mupezereni buku la malamulo oyendetsera dziko lino, limapezeka pa intaneti ulere. Awerenge Mutu 4 wonena za ufulu wachibadwidwe, kenako madzulo ena awafotokozere bambo ake m'Chichewa zimene wapezamo zokhudza munthu amene wamangidwa ndi apolisi, kuphatikizapo lamulo loti womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Bambowo amufunse mafunso onse amene angafune, ovuta omwe.