Labala wa pamkono wa drysuit akathina

Achimwene, mwati labala wa pamkono wa drysuit yanu, chovala chosalowa madzi chovala polowa m'madzi chija, akuthina mpaka zala kuchita dzanzi. Musathamangire sizasi. Mulowetseni botolo lonenepa pang'ono kuposa mkono wanu, agone nalo usiku wonse. Akapanda kumasuka, dulani mzere umodzi wokha mwa mizere yozungulira imene ili kumapeto kwa labalayo, ndi sizasi yakuthwa, mosadukiza, kenaka muyese. Kabala kakang'ono m'mphepete ndi kamene kamang'ambika povala. Mukadula mopitirira, madzi amalowera pamitsempha mukakunga chibakera. Pamenepo n'kugula wina basi.

Kutentha kwathu kuno ku Chikwawa ndi Nsanje kumaononga labala wa latex ameneyu msanga. Muzimuthira paudala wa talc wopanda fungo, muzisunga pamthunzi, kutali ndi petulo ndi mafuta odzola. Akayamba kunanda, msintheni musanalowenso m'madzi.