Pauk, pavouk, pająk: kangaude ndi mmodzi yemweyo

Wowerenga wina watilembera pa imelo kuti: "Ku Russia kangaude amati pauk, ku Poland pająk, ku Czech Republic pavouk. Kodi awa ndi mawu atatu osiyana, kapena ndi amodzi?"

Ndi amodzi, achimwene. Onse anachokera ku liwu lakale la Chisilavo choyambirira (kholo la zilankhulo za ku Russia, Poland, Czech Republic ndi zina za banja lomwelo), limene akatswiri amalilemba *paǫkъ. Lili ndi zigawo ziwiri: mphatikiram'mbuyo pa-, ndi tsinde lotanthauza chinthu chopindika ngati mbedza, pachibale ndi uncus wa Chilatini. Ambiri amati dzinali linabwera chifukwa cha miyendo yake yopindika ija.

Chinasokoneza ndi mavawelo awiri oyandikana, a ndi ǫ. Pakamwa pa anthu ena sipafuna mpata wotere, ndiye amautseka ndi kaliwu kena, monga momwe ife "mau" timalembera "mawu". Ena anatsekapo ndi v: pavuk ku Ukraine ndi ku Belarus, pavúk ku Slovakia, pavouk kwa Acheki. Ena anaikapo y: pajek ku Slovenia, pajak ku North Macedonia, payak ku Bulgaria, pająk ku Poland. Ku Russia, Serbia ndi Croatia anausiya mpatawo pululu: pauk.

Kachiwiri, ǫ uja ankatulukira m'mphuno. Ku Russia, Ukraine ndi Serbia anasanduka u wamba, ndipo kwa Acheki u wotalikayo anapitirira kukhala ou. Apolishi ndiwo anaumirira, mpaka lero kamchira kapansi pa ą kamasonyeza liwu la m'mphuno.

Apa ndi pamene ophunzira amapunthwa. Chilembo j m'zilankhulozi si j wa "jekete", ndi y. Ndipo ą si a ayi: pająk mutchule "payonk". Ukonde wa kangaude m'Chipolishi ndi pajęczyna, ą wasanduka ę. Musaganize kuti wolemba walakwitsa. Pauk wa ku Russia mutsindike kumapeto, pa u, pomwe wa ku Serbia mutsindike koyambirira, pa a. Zilembo zofanana, kamvekedwe kosiyana.

Oyandikana nawo anabwerekako: pók wa ku Hungary ndi păianjen wa ku Romania ndi ochokera ku Chisilavo, ngakhale zilankhulo ziwirizi si za banjali.

Mukadzamva ku Zagreb (Croatia) kapena ku Belgrade (Serbia) kuti pauk watenga galimoto yanu, musayang'ane kudenga. Akunena lole yonyamula magalimoto oimikidwa pamalo oletsedwa.