Clang ikhale pomwepo, GCC muziyiitana ikafunika

Achimwene, mwafunsa ngati mulembe CC=gcc mu /etc/make.conf kuti ma port onse a FreeBSD (mapulogalamu owonjezera omwe mumadzimangira nokha pa operating system imeneyi) azimangidwa ndi GCC m'malo mwa Clang. Zonse ziwirizi ndi ma compiler, zida zosandutsa code kukhala pulogalamu yoyenda. Ine ndikuti musatero.

Kuyambira pa FreeBSD 10.0 mu 2014, compiler ya dongosololi pa amd64 ndi i386 ndi Clang. GCC yakale yomwe inkabwera ndi FreeBSD inaima pa 4.2.1 chifukwa zotulutsidwa pambuyo pake zinasamukira ku laisensi ya GPLv3, imene FreeBSD sinaifune m'dongosolo lake. Tsono osamalira ma port amayesa ntchito yawo ndi Clang, ndipo port yofunadi GCC imadzinenera yokha ndi USE_GCC mu Makefile yake. Zofuna Fortran nazo zimakoka gfortran (compiler ya Fortran ya GCC) popanda inu kuvutika.

Pamene pagona nkhani ndi pa C++. Clang imamangira pa libc++, pamene g++ (compiler ya C++ ya GCC) imatenga libstdc++; awa ndi ma library awiri osiyana a zida zoyambira za C++. Mukamanga library imodzi ndi Clang, pulogalamu yoigwiritsa ntchito ndi g++, linker (yolumikiza zigawo za pulogalamu) idzadandaula za "undefined reference" pa std::string, kapena zidzamangika bwinobwino n'kumagwa poyendetsa. Chachiwirichi ndiye chowawa, munthu umafufuza mpaka kutopa.

Ngati pali pulogalamu imodzi yokha yomwe ikukana Clang, ikani port ya lang/gcc, musinthe compiler ya port yokhayo. Ikukanayo ndi iti? Tumizani mizere yomaliza ya log tione.