Miyendo Ndi Imene Inatsogola, Ubongo Unabwera Pambuyo

Achimwene, mwafunsa ngati makolo akale a munthu anayamba kuyenda ndi miyendo iwiri chifukwa chokhala ndi nzeru, komanso kuti akatswiri amadziwa bwanji kayendedwe ka cholengedwa kuchokera m'mafupa okha. Yankho la funso loyamba ndi ayi. Kuyenda choimirira kunayamba zaka mamiliyoni angapo ubongo usanakule.

Mu 1974 ku Hadar, ku Ethiopia, Donald Johanson anapeza mafupa a kholo lina lakale la munthu lomwe analitcha Lucy, yemwe anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 3.2 miliyoni zapitazo. Msinkhu wake unali mita imodzi ndi pang'ono, ubongo wake sunkasiyana kwenikweni ndi wa chimpanzi, koma chiuno ndi bondo zinali za woyenda choimirira. Mu 1978 gulu la Mary Leakey linafukula mapazi ku Laetoli, ku Tanzania, odindika m'phulusa la phiri lophulika zaka zoposa 3.6 miliyoni zapitazo, mzere wotalika mamita pafupifupi 27. Chidendene chinkayamba kuponda, chala chachikulu n'kumaliza, monga mmene mumapondera inu pamchenga wonyowa.

Akatswiri akapeza fupa amayang'ana malo angapo. Pansi pa chibade pali bowo lomwe msana umalumikizirana ndi ubongo. Kwa nyama ya miyendo inayi limakhala chakumbuyo, kwa ife lili pakati, chifukwa mutu umakhala pamwamba pa msana ngati mtsuko pankhata. Raymond Dart anagwiritsa ntchito chizindikirochi pa chibade cha mwana wa ku Taung, ku South Africa, chopezeka mu 1924, ponena kuti mwanayo ankayenda choimirira, ngakhale anzake anamutsutsa kwa zaka zambiri.

Koma umboni womwe ndimaukhulupirira kwambiri uli m'chiuno ndi m'ntchafu. Mukamayenda, pa sitepe iliyonse thupi lonse limatsamira mwendo umodzi. Mafupa a chiuno chathu ndi aafupi, opindika ngati mbale, zomwe zimaika minofu ina ya m'matako chakumbali kuti igwire chiuno chisapendekeke. Chimpanzi chili ndi chiuno chachitali, chophwatalala, n'chifukwa chake chikaimirira chimayenda chopendama uku ndi uku, n'kutopa msanga. Fupa lathu la ntchafu nalonso limapendekera mkati ndi madigiri pafupifupi 10 kuti mawondo akhale pansi pa thupi. Khanda silibadwa ndi kupendekekaku, kumadza mwana akayamba kuyenda. Choncho fupa lakale likapezeka lopendekeka chotere, ndiye kuti mwini wake ankayendadi.

Za chomwe chinayambitsa kuyenda choimirira, akatswiri amatsutsanabe. Maganizo akale oti nkhalango zinatha ndipo anthu anaimirira kuti aziona patali m'tchire anafooka pamene Ardipithecus, cholengedwa chakale cha zaka 4.4 miliyoni chomwe chikuoneka kuti chinkatha kuyenda ndi miyendo iwiri, anapezeka kuti ankakhala m'malo amitengo, ali ndi chala chachikulu chakuphazi chogwirira nthambi. Maganizo ena olimba ndi okhudza kusunga mphamvu za thupi: kafukufuku wa mu 2007 anapeza kuti munthu poyenda amagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa anayi la mphamvu zomwe chimpanzi chimawononga. Manja omasuka anathandiza kunyamula chakudya ndi ana, koma zida zamiyala zakale kwambiri, za ku Lomekwi ku Kenya, ndi za zaka 3.3 miliyoni, kuyenda kutayamba kale. Nsagwada yomwe inapezeka ku Uraha, ku Karonga, mu 1991, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndi ya nthawi yomwe mtundu wa Homo, womwe ife tilimo, unkayamba, miyendo iwiri itakhazikika kalekale.

Kuimiriraku kunabweretsanso mavuto. Msana wathu ndi wopindika m'chiuno kuti thupi lisagwere kutsogolo, ndiye kulemera konse kumatsikira pa timafupa tiwiri tomalizira, pomwe anthu ambiri amamva kupweteka akanyamula thumba la chimanga mowerama. Vuto lalikulu lili kwa amayi. Njira yobadwira ndi yopotoka, yotambalala chopingasa polowera koma cham'litali pakati pake, ndipo ubongo utadzakula, mitu ya ana inakulanso. Mwana amayenera kutembenuka potuluka, ndipo akalephera, kubereka kumatsekeka. Ndi chifukwa chimodzi chomwe mayi amafunikira mzamba pafupi, pomwe chimpanzi nthawi zambiri chimabereka chokha.