Ophunzira anga akungofuna Kali Linux, ndiyambire pati?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mphunzitsi wina amene wangopatsidwa kumene kalasi ya chitetezo cha netiweki pa koleji ya maphunziro a zaka ziwiri. Mwachidule anati: "Ophunzira anga akungofuna ndiwaonetse Kali Linux ndi mmene anthu amathyolera makompyuta a eni. Ndikangotchula TCP/IP (malamulo a mmene uthenga umayendera pa netiweki) kapena subnetting (kugawa netiweki m'magawo ang'onoang'ono), ena amayamba kuwodzera. Ndiyambire pati?"

Aphunzitsi, musawadzudzule ophunzirawo. Chidwi ali nacho, ndipo chidwi sichigulidwa. Vuto ndi lakuti munthu wosadziwa mmene uthenga umayendera pa netiweki akagwira Kali, mtundu wa Linux wodzaza ndi zida zoyesera chitetezo cha makompyuta, amangodina mabatani, osamvetsa chimene chikuchitika. Kuthamanga si kufika.

Ine ndimayamba tsiku loyamba lenilenilo ndi Wireshark, pulogalamu yoonetsa mapaketi a uthenga amene akuyenda pa netiweki, ndisanalembe chilichonse pa bolodi. Mu VirtualBox, pulogalamu yopangira makompyuta ongoyerekeza mkati mwa kompyuta imodzi, ndimakonza makompyuta awiri, imodzi yokhala ndi seva ya Telnet (njira yakale yolowera mu kompyuta ina uli patali, yosabisa zimene walemba) pa port 23, khomo lake la pa netiweki. Ndimaitana wophunzira mmodzi kuti asankhe pasiwedi yake, ailembe ine nditatembenuka. Akamaliza ndimadina Follow TCP Stream mu Wireshark, pasiwedi ija n'kuonekera poyera pa projekita. Muwauze ayang'anitsitse dzina lolowera: chilembo chilichonse chimaoneka kawiri, chifukwa seva imabwezera zimene munthu walemba kuti azione pa sikirini, koma pasiwediyo imaoneka kamodzi popeza yokhayo seva siibweza. Kenako timabwereza zonsezo ndi SSH, njira yolowera imene imabisa uthenga, pa port 22. Apa zimene zimatuluka ndi zilembo zosokonekera zokhazokha.

Sipadzalephera kupezeka wina wofunsa kuti, "Nanga zatheka bwanji?" Funso limenelo ndiye khomo lanu. Kwezani m'mwamba mndandanda wa mapaketi, muwaonetse atatu oyamba aja, SYN, SYN-ACK ndi ACK, amene makompyuta awiri amapatsirana nawo moni asanayambe kutumizirana uthenga. TCP ija ankaiwodzerera ndi yomweyi, koma tsopano akuifuna okha.

Subnetting nayonso musaiphunzitse ngati masamu ongoima paokha. Ikani pfSense, pulogalamu ya firewall yosefa uthenga wodutsa, pakati pa manetiweki awiri, 192.168.10.0/24 ndi 192.168.20.0/24, muwauze kuti woyambawo ndi wa alendo, wachiwiriwo ndi wa ofesi yolipira malipiro. Alembe malamulo a firewall oti mlendo afike pa intaneti koma asakhudze seva ya malipiro. Wina akalemba /16 m'malo mwa /24 (manambala osonyeza kukula kwa netiweki), musamukonze msanga. Musiyeni mnzake amulowere, adzazindikira yekha ntchito ya manambala awiriwo.

Nkhani zenizeni zimathandizanso, bola musankhe zosonyeza kuti zinthu zimaonongekera pa zoyambira zomwezi. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inagwira makamera ndi marauta ambirimbiri pongoyesa mayina ndi mapasiwedi pafupifupi 60 ochokera ku fakitale, kudzera pa Telnet yomwe ija. Mu Okutobala chaka chomwecho zipangizo zimenezi zinathira nkhondo kampani ya Dyn, yoyendetsa DNS (njira yosandutsa mayina a mawebusayiti kukhala maadiresi a makompyuta), moti anthu ambiri analephera kutsegula Twitter ndi Netflix. Pulogalamu ina yoipa, WannaCry ya mu Meyi 2017, imene inasokoneza zipatala za boma za NHS ku Britain, inkafalikira pa port 445, chonsecho Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotsekera bowolo mu Malichi. Ophunzira akamva zimenezi amasiya kuganiza kuti kusintha pasiwedi ndi kuika zigamba ndi ntchito ya anthu osaphunzira.

Tsono Kali ibwere liti? Kwa ine imabwera chapakati pa temu, ndipo imabwera ndi chipepala choti aliyense asaine: palibe kuyesa chida chilichonse pa kompyuta imene mwini wake sanapereke chilolezo cholembedwa. M'mayiko ambiri kutero ndi mlandu, ngakhale munthu atanena kuti amangophunzira. Ayambe ndi Nmap, chida chofufuzira ma port otsegula, pa Metasploitable 2, kompyuta yopangidwa dala ndi mabowo ambiri. Onetsetsani nokha, makina ndi makina, kuti netiweki yaikidwa pa host-only, kuti makina ongoyerekezawo asafike pa netiweki ya kunja. Ndikunena izi chifukwa zinandionekerapo. Mnyamata wina anasiya yake pa bridged, yolumikizika mwachindunji ku netiweki yeniyeni, n'kusanthula netiweki yonse ya sukulu osadziwa, ndipo pasanathe theka la ola woyang'anira makompyuta anali pakhomo la kalasi nkhope ili gwaa. Wolakwa ndinali ine, sindinayendere makina onse.

Pa kaperekedwe ka malikisi ndine wouma mtima pang'ono. Kupeza bowo ndimapereka malikisi ochepa. Ambiri amapita kwa amene walitseka, wayesanso ndi Nmap kutsimikiza kuti latsekekadi, n'kulemba lipoti la tsamba limodzi loti bwana wosadziwa za makompyuta alimve. Ambiri mwa ophunzira anu akadzayamba ntchito adzakhala otseka mabowo ndi kuwerenga ma log (kaundula wa zochitika pa makina), osati othyola.

Mu imelo yanu munafunsanso za CompTIA Security+, mayeso a satifiketi ya chitetezo cha makompyuta. Mitu yake ndi yabwino poona ngati simunadumphe kanthu, koma musalole kuti kalasi isanduke yoloweza mayankho a mayeso.

Chomaliza n'chaching'ono: aliyense atenge snapshot ya makina ake, kutanthauza kusunga mmene makinawo alili panthawiyo, asanayambe kugwira chilichonse. Adzaononga ndithu, ndipo kubwezeretsa kumatenga mphindi imodzi m'malo mwa phunziro lonse.