Funsani za Njinga: Minga, Chishalo ndi Mpikisano Woyamba

Makalata ambiri mwezi uno achokera kwa anthu amene akufuna kulowa mpikisano wa njinga za m'mapiri koyamba, mvula isanagwe. Akuyankha ndi makaniko wa njinga pamodzi ndi mphunzitsi wa opalasa, onse a kuno ku Harare.

FUNSO: Ndasunga madola 400. M'tauni ndaona njinga yatsopano ya shoko kutsogolo ndi kumbuyo komwe, magiya 21. Mnzanga akugulitsanso yakale ya shoko kutsogolo kokha pa mtengo womwewo. Nditenge iti? Wowerenga wa ku Mufakose.

YANKHO: Achimwene, tengani yakaleyo, imene okwera amaitcha hardtail, bola muiunike kaye. Shoko ya kumbuyo yeniyeni ikhoza kudya yokha ndalama zonse mwasungazo. Ndiye mukaona njinga yathunthu ya mashoko awiri pa mtengo umenewo, dziwani kuti kumbuyoko kuli sipuling'i wamba wopanda chomugwira. Pachitunda amangonjanja, mphamvu ya miyendo n'kumathera m'kudumphadumpha. Njinga zotere zimalemeranso, zambiri zimapitirira makilogalamu 16, pamene hardtail ya aluminiyamu yabwinoko imakhala pakati pa 12 ndi 14.

Yakaleyo muipukute, muione padzuwa. Yang'anani mowotcherera monse, makamaka pakhosi pomwe pamalowa foloko (miyendo iwiri yogwira wilo la kutsogolo) ndi pansi pomwe pamazungulira mapedulo. Mng'alu ngakhale wochepa ngati tsitsi, isiyeni. Amisiri a ku Siyaso amawotcherera chitsulo bwino, koma aluminiyamu wa felemu akawotchedwa amafewa, ndipo kuti alimbenso amafunika ng'anjo yapadera. Kenako gwirani buleki ya kutsogolo, mukankhire njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva khokho, ikani chala pakhosi paja: kukakhala kugwedera kwa pamenepo ndi nkhani yomanga kapena ya mabering'i, yotchipa. Kugwederako kukakhala m'miyendo ya foloko, kapena mapaipi ake onyezimira ali ndi zipsera zomveka ndi chikhadabo, tsitsani mtengo kwambiri chifukwa kukonza kwake n'kodula.

Za kukula kwa mawilo: a mainchesi 26 machubu ake amapezeka pena paliponse, koma matayala abwino a mpikisano a saizi imeneyi akusowa. A 29 amadutsa bwino pamiyala ndi pamchenga. Pa ndalamazo mupatulepo ya chisoti chatsopano cholembedwa EN 1078 kapena CPSC mkati. Chisoti cha pakaunjika ayi, simudziwa kuti chinamenya kale pati.

FUNSO: Ndikapita kunjira za m'midzi ya ku Domboshava sindibwerako osamata chubu, nthawi zina kawiri. Ndimapopa mpaka 50 psi (muyeso wa mphepo ya m'tayala) kuti minga isalowe koma sizikusintha, komanso pathanthwe ndimaterereka. Ndimalemera makilogalamu 70, matayala ndi 29 x 2.25. Wowerenga wa ku Mabvuku.

YANKHO: Kupopa kwambiri sikuthamangitsa minga, achimwene. Kumangochititsa kuti tayala ligunde pansi ndi kadera kochepa, n'chifukwa chake mukuterereka pathanthwe ndipo njinga ikudumpha pamiyala ngati mpira. Imeneyo ndi mphepo ya njinga ya kabaza yonyamula munthu ndi thumba la chimanga pamsewu wa tala.

Yambani mwaona bowo lake. Likakhala limodzi, kumbali imene chubu chimakhudza tayala, ndi munga. Akakhala awiri oyandikana ngati poluma njoka, ndiye kuti limu inapana chubu pamwala chifukwa mphepo inachepa. Bowo likakhala kumbali ya limu, tepi yophimba mitu ya masipoko yasuntha kapena yang'ambika. Ambiri amamata katatu bowo la mtundu wachitatuwu akunamizira minga. Ndipo musanabweze chubu, yendetsani kansalu mkati mwa tayala monse. Pomwe kakodwe ndi pomwe pabisala munga.

Pa thupi lanu, ndi machubu, yambirani 27 psi kutsogolo ndi 30 kumbuyo. Mukachotsa machubu, monga tifotokozera pansipa, mutha kutsika mpaka 22 kutsogolo ndi 25 kumbuyo. Sinthani pang'onopang'ono, 1 kapena 2 psi basi, panjira imodzimodzi. Limu ikagunda mwala, onjezani. Kuyesa ndi chala kumanama, pezani geji.

Mankhwala enieni a minga ya kuno ndi kuyenda opanda chubu, zimene amati tubeless. Zofunika ndi tayala lolembedwa tubeless ready, tepi yake yotambalala kuposa mkati mwa limu ndi mamilimita 2 kapena 3, mavavu ake, ndi madzi omata aja a sealant, mamililita 90 mpaka 100 pa tayala lililonse la 29. Tsukani limu iume, zungulizani tepi moikoka, mapeto ake apitirirane masentimita 10, boolani kabowo ka vavu kokha. Valikani tayala, pakani thovu la sopo m'mphepete, chotsani kamtima ka vavu, mupope ndi kompuresa mpaka mumve phaa kawiri, koma musapitirire 40 psi. Mphepo ikatuluka thirani sealant kudzera pa vavu, bwezani kamtima, popani, kenako gwedezani wilo mbali zonse. Likaphwa usiku woyamba musadandaule, kaliyendetseni. Likamatulukira mphepo m'masipoko, tepi sinagwire, yambiraninso.

Kutentha kwa Okutobala kumaumitsa sealant msanga, choncho muziona pakatha miyezi 2 kapena 3. Mukagwedeza wilo osamva madzi, wauma. Tayala wamba la waya pa limu yakale musaliyese, limatha kuvuka pakona. Zikatero thirani sealant m'chubu cha vavu yochotseka kamtima; sizifika pa tubeless koma minga ing'onoing'ono imagonja. Chubu chapadera muzinyamulabe, ndipo tsiku lochiika muzule kaye minga yonse imene tayala lakhala likusunga mwakachetechete.

FUNSO: Ndikapalasa ola limodzi bondo limapweteka kutsogolo, zala n'kuchita dzanzi. Chishalo ndinatsitsa kuti mapazi azifika pansi. Wowerenga wa ku Highfield, mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, vuto mwalitchula nokha. Pa njinga imeneyi munthu akakhala pachishalo amangogunda pansi ndi zala za kuphazi, ndipo poima amatsikira kutsogolo. Chishalo chotsika chimapinda bondo mopitirira, ululu n'kubwera kutsogolo. Chokwera kwambiri chimapweteketsa kuseri kwa bondo, chiuno n'kumapendekera uku ndi uku.

Imani mutatsamira msana kukhoma opanda nsapato, mupane buku pakati pa miyendo molimba, wina ayeze kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Chulukitsani ndi 0.883. Mwendo wa masentimita 80 ukupereka 70.6, ndipo umenewo ndi mtunda wochokera pakatikati pa chitsulo chozungulira mapedulo kufika pamwamba pa chishalo. Popanda tepi, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke osapendeka chiuno. Ngati kusiyana kuli kwakukulu musakweze kamodzi, mamilimita 5 pa maulendo awiri alionse akwanira. Chishalo chikhale chogona bwino. Chikaweramira kutsogolo thupi lonse limatsamira pa manja, ndipo dzanzi limayambira pamenepo.

Onaninso zogwirira mabuleki. Zisunthireni mkati kuti chala cholozera chokha chizikola kunsonga, ndipo zipendeke pansi pang'ono kuti dzanja lisapindike. Ngati foloko ndi ya mphepo, mwina anapopera bambo wolemera. Tsitsani kamphira ka papaipi, kwerani mofatsa mutavala zonse, imirirani pa mapedulo wina atakugwirirani, tsikani osadumpha. Pa foloko ya mamilimita 100 kamphirako kakwere mamilimita 15 mpaka 20. Muzipopa ndi kapampu ka shoko, osati ka matayala. Bondo likatupa, kapena ululu ukapitirira masabata awiri mutakonza zonsezi, kaonaneni ndi achipatala.

FUNSO: Oyilo wa galimoto ngoipa pa tcheni? Ndimapaka wambiri koma magiya akudumpha. Mnyamata wa ku Dzivarasekwa.

YANKHO: Mphwanga, oyilo ameneyo akakumana ndi fumbi la chilimwe amasanduka phala lonolera, ndipo likunola tcheni chako. Tsuka ndi palafini ndi mswachi wakale, chiume, udonthezere dontho limodzi la dry lube (mafuta a tcheni a nyengo youma) pa mfundo iliyonse, kenako upukute kunja konse. Mafuta amagwira ntchito mkati. Wet lube, mafuta a tcheni a pachinyezi, usungire nthawi ya dzinja, pamene katondo wa kumpoto kwa mzinda amamata ngati ulimbo.

Kudumphako yeza. Tcheni chatsopano, mipata 24 ya pakati pa mapini imakwana mainchesi 12 ndendende. Chikapitirira ndi mamilimita 1.5 sintha. Chikafika 3, mano a kumbuyo nawo adyeka, ndipo tcheni chatsopano chizidumpha pa mano akalewo mpaka usinthe zonse. Ngati tcheni chili bwino, ima kumbuyo kwa njinga uone kachitsulo kopachikapo derailleur, chosinthira magiya cha kumbuyo. Kamapindika njinga ikangogwera kumanja, ndipo ukamapotokola timabawuti osakawongola ukungotaya nthawi.

FUNSO: Mabuleki a disiki akulira ndipo afewa. Ndingathiremo brake fluid wa galimoto? Wowerenga wa ku Glen Norah.

YANKHO: Werengani kaye pa chivindikiro cha chogwirira. Mabuleki a Shimano amafuna mineral oil, ndipo mukathiramo brake fluid wa galimoto, amene amatchedwa DOT, timphira ta mkati timaonongeka. A SRAM ambiri ndi a DOT, koma ena atsopano ndi a mineral oil, ndiye musaganizire. Kufewa kumatanthauza kuti mwalowa mpweya, akufunika kuuchotsa. Kulira nthawi zambiri ndi mafuta amene agwera pa mapadi. Amenewo sakonzeka, gulani ena, disiki mupukute ndi isopropyl alcohol. Mapadi atsopano muwazoloweretse: thamangani pang'ono, gwirani buleki mwamphamvu mpaka liwiro la munthu woyenda, osaima, kokwana 15 kapena 20. Nyama ya padi ikatsala milimita imodzi musapite nayo ku mpikisano.

FUNSO: Ndalembetsa mpikisano wa makilomita 50, kwatsala masabata 12. Ndimagwira ntchito Lolemba mpaka Loweruka masana, Lamlungu m'mawa kutchalitchi. Anzanga akuti ndizipalasa mwamphamvu tsiku lililonse. Wowerenga wa ku Tafara.

YANKHO: Anzanuwo akufuna mukafike pamzere mutatopa kale. Thupi limalimba pamene mukupuma, osati pamene mukulizunza. Masiku 4 pa sabata akwanira.

Makilomita 50 a m'tchire, kwa woyamba, ndi maola 3 kapena 4 pachishalo. Choncho ulendo wofunika koposa ndi wautali, Loweruka mukaweruka kapena Lamlungu masana. Yambani ndi ola limodzi ndi theka, muziwonjezera mphindi 15 sabata iliyonse mpaka mufike maola 3 ndi kupitirira pang'ono. Liwiro lake likhale loti mutha kucheza ndi mnzanu osadula mawu. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa, chifukwa kupalasa mofatsa kumaoneka ngati ulesi, ndiye ulendo uliwonse amausandutsa mpikisano, pofika sabata ya 6 miyendo ili gwa. Muziupanga panjira yofanana ndi ya mpikisano, monga zitunda za ku Christon Bank kapena Domboshava, osati patala pokha.

Masabata 4 oyamba, Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa palasani ola limodzi mofatsa. Kuyambira sabata ya 5, Lachiwiri likhale la chitunda: mphindi 15 zotenthetsa thupi, kenako mphindi 4 mwamphamvu moti simungatulutse mawu oposa awiri, mphindi 3 zopuma mukupalasa pang'ono, kubwereza ka 4. Mukazolowera fikani ka 5 kapena 6. Chizindikiro choti mwayamba bwino n'chakuti ulendo womaliza ukufika pomwe unafika woyamba. Mukaperewera patali, munayamba ndi phuma. Lachinayi chitani mphindi 15 kawiri pa mphamvu yoti mukupuma mozama koma simukubanika, pambuyo pake 20 kawiri. Tsiku lotsala pa masiku 4 aja ndi la luso, mphindi 45 zokha: kukhota pamchenga maso ali potulukira, kutsetsereka mutaimirira zidendene zili pansi, kugwira mabuleki musanalowe pakona. Mphindi zambiri za oyamba zimatayika pamenepa, osati pachitunda.

Sabata ya 4 ndi ya 8 dulani zonse pakati. Ulendo wautali womaliza ukhale kutatsala masabata awiri, ndipo sabata yomaliza palasani kawiri kapena katatu, mphindi 40, ndi timathamanga tochepa ta mphindi imodzi. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndiye mlendo wochokera kunyanja monga ku Salima asadabwe akamapuma wefuwefu masiku oyamba.

Kudya kumaphunziridwanso pa ulendo wautali uja. Pa ola lililonse thupi lifuna magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu ndi madzi mamililita 500 mpaka 750, kuposerapo kukatentha. Nthochi imodzi ili ndi pafupifupi 25. M'botolo la 750 thirani masipuni akulu 3 a shuga ndi kamchere kotsina. Mbatata yophika yoduladula imayendanso bwino m'thumba la malaya. Yambani kudya pa mphindi 30 zoyamba, njala isanabwere, chifukwa ikabwera miyendo yatha kale. M'mawa wa mpikisano imwani phala kutatsala maola 2 kapena 3. Nyemba ndi zokazinga zidikire madzulo. Mukamaliza, maheu kaye, nsima ndi ndiwo pambuyo.

FUNSO: Mlamu wanga wandibwereka mapedulo okola nsapato. Mpikisano uli sabata yamawa. Ndiwaike? Wowerenga wa ku Mbare.

YANKHO: Ayi. Aliyense wophunzira mapedulo amenewa amagwa ataima, ndipo ndi bwino kugwera pakapinga kusiyana ndi pathanthwe anthu 20 ali kumbuyo kwanu. Pitani ndi amene munazolowera. Mpikisano ukatha, masulani kabawuti ka sipuling'i mpaka kumapeto, mugwire khoma, mukole ndi kukolola phazi lililonse ka 50 popotoza chidendene kunja, ndiyeno mutulukire pabwalo.